Mbalame za kumunda kwathu

Mwezi wa Seputembala ukafika kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, mphepo yozizira imatha. Dzuwa limatentha. Mitengo ya m'tchire imaphuka masamba ofiira, mvula isanagwe. Ife tili kalikiriki kusosa ndi kugalauza minda. Koma anzathu, pogwira khasu tiyeni tizikwezako maso. Mbalame zili ndi phunziro kwa mlimi.

Yoyamba kuoneka ndi kabawi. Amazungulira pamwamba pa mudzi kufuna anapiye. Tikamuona, tisachedwe. Tiluke chitete chovundikira anapiye, kapena tiwatsekere m'khola mpaka atakula.

Cha mu Okutobala ndi Novembala anamzeze amachuluka. Ena mwa iwo amachokera kutali, ku Ulaya, kuthawa chisanu cha kumeneko. Amabwerera cha mu Malichi ndi Epulo. Namzeze sadya mbewu. Amadya tizilombo touluka. Onani mmene amawakhira inswa mvula ikangogwa.

Akakowa oyera amatsata ng'ombe kubusa ndiponso polima. Amatola ziwala ndi mbozi zimene khasu lafukula. Awa ndi antchito athu osafuna malipiro.

Nanga kadzidzi? Ambirife tinakula tikumva kuti akalira padenga ndiye kuti kukubwera maliro. Ndiye timamugenda. Koma tafunsani, kadzidzi amadzafuna chiyani pamudzi usiku? Amadzasaka makoswe ndi mbewa, zomwe zija zimatha chimanga m'nkhokwe. Tikapha kadzidzi, wosangalala ndi khoswe.

Zilipo mbalame zina zotivutitsa. Mpheta zimadya mapira, mawere ndi mpunga zikayamba kucha. Mankhwala ake ndi umodzi. Tikabzala nthawi imodzi, mbewu zimachera limodzi, ndipo timasinthana kulondera munda. Wobzala yekha mochedwa, mpheta zonse zimathera kwa iye.

Mdani wamkulu wa mbalame ndi moto. Nyengo ino udzu ndi wouma. Tikatentha tchire pofuna mbewa, timaotcha zisa, tizitsamba ndi pobisala nkhanga ndi nkhwali. Nthaka imatsala yambee, mvula nkuikokolola. Mbalame zikasowa, mbozi zimachuluka. Kumbukirani kuti kuyambira chaka cha 2017 m'dziko lathu la Mozambique muli ntchemberezandonda zachilendo zoononga chimanga. Pankhondo imeneyi, chilichonse chodya mbozi ndi bwenzi lathu. Ana athunso tiwauze kuti legeni asalozetse mbalame iliyonse imene aona.

Chenjezo ndi ili: kubwera kwa mbalame sikutanthauza kuti tibzale mawa. Mvula yoyamba ya chizimalupsa imanyenga. Tidikire mvula yolowa pansi, nthaka inyowe bwino.

Makolo athu ankasunga zonsezi m'mutu. Ife tsopano tikudziwa kulemba. Gulu lathu likhale ndi kope limodzi. Tilembemo tsiku limene taona kabawi, tsiku limene anamzeze achuluka, tsiku limene achule ayamba kulira kudambo, tsiku la mvula yoyamba ndi tsiku lobzala. Chaka ndi chaka tizifanizira. Pakapita zaka zingapo, kopelo lidzakhala kalendala ya dera lathu, yolembedwa ndi manja athu.

Tikambirane:

1. Ndi mbalame ziti zimene mwaona kumunda sabata ino?
2. Kodi kadzidzi amatithandiza bwanji?
3. Tichite chiyani kuti moto usaononge tchire lathu chaka chino?