Kuponya nkhwangwa sikulira mphamvu

Ku Gaza m'tauni ya Chipinge, ngakhalenso kuminda ya tiyi ya Honde Valley komwe kunakhazikika Amalawi ambiri, nkhwangwa timaidziwa ngati yowazira nkhuni. Koma ku Toronto anyamata ena anayambitsa mpikisano woiponya pathabwa mu 2006, ndipo mu 2017 kunabadwa bungwe la World Axe Throwing League.

Woponya amaima mamita pafupifupi 4 kuchokera pachandamale kuti nkhwangwa izungulire kamodzi isanabaye. Ikamenya ndi mpini, sunthani phazi pang'ono, osawonjezera mphamvu ayi. Ine ndimati aliyense amene anagendapo kalulu ndi chibonga ali nalo kale dzanja lake. Chachikulu, mukamayeserera, ana ndi mbuzi zikhale kutali kumbuyo kwanu.