Ndege Ikanjanja Potera

Kuulutsa ndege yaing'ono monga Cessna 172, imene inayamba kugulitsidwa mu 1956, sikuvuta kwenikweni. Chovuta ndicho kuiteretsa. Ngozi zambiri za ophunzira zimachitikira pamenepa.

Wophunzira akatsika ndi liŵiro lopitirira muyeso, ndegeyo imagunda pansi ndi kunjanja ngati mpira. Pochita mantha iye amaiŵeramitsa msanga, ndipo gudumu lakutsogolo, limene silinapangidwe kuti lisenze kulemera konse, ndilo limayamba kugunda. Kunjanja kwachiŵiri kumaposa koyamba, kufikira mwendo wa gudumulo uthyoka, pulopela nikhula pansi.

Aphunzitsi amalangiza kuti ikanjanja kwambiri, wophunzira aonjezere mphamvu ya injini, akwerenso, azungulire, nadzayesenso. Koma taganizani, wachinyamata kubwerera m'mwamba anzake akuonerera! Ena manyazi amawakaniza, nakakamira kutera.