Chikwama cha mankhwala kumapiri a Akaren, alawansi ku Mangochi

Mu 1989 Dr Cynthia Maung, dokotala wa mtundu wa Akaren amene anathawa ulamuliro wa asilikali ku Burma (dziko lomwe pano limatchedwa Myanmar), anatsegula kachipatala ku Mae Sot m'dziko la Thailand. Ndiko kunachokera Mae Tao Clinic, komwe azaumoyo ambiri anaphunzira ntchito pamalo pomwepo. Kuyambira 1998 kulinso gulu la Back Pack Health Worker Team, lomwe anthu ake amabereka mankhwala kumsana n'kukwera mapiri wapansi m'chigawo cha Karen ku Myanmar, kukachiza malungo ndi kuthandiza amayi pochira.

Malipiro awo ndi ongogulira sopo. Ena alibe mapepala oyendera momasuka ku Thailand, ndipo nkhondo ya kwawo inayamba kalekale mu 1949. Chimawasunga pantchito n'chiyani? Ine ndimaona kuti n'chakuti wodwalayo ndi wakwawo. Amayankhula naye chinenero chimodzi, amadya naye mpunga wa m'munda wa paphiri, ndipo akabweranso patapita miyezi amapeza mwana anamuchiza uja akuthamanga pabwalo. Phindu la thukuta lawo amaliona ndi maso.

Kwathu kuno, munthu akapeza ntchito kubungwe timati wadya bwino. Tikawunika chomusangalatsa timapeza galimoto yoyera ya Land Cruiser, malipiro oposa a m'boma, ndi alawansi ya msonkhano wa kunyanja ku Mangochi. Sindikumunena, fizi ya ana siilipiridwa ndi chifundo. Koma ofesala wochokera ku Lilongwe amafika m'mudzi dzuwa lili paliwombo, kulembetsa mayina, kujambula zithunzi za lipoti, n'kubwerera kusanade. Mjigo wa pulojekiti yake ukawonongeka amakhala atasamukira kale ku pulojekiti ina. Amene angamvane bwino ndi Mkaren wa chikwama ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, kapena volontiya amene anangopatsidwa njinga ndi tisheti koma aliyense amamudziwa dzina.

Tisanamizane kuti mtima wokha umakwanira. Dziko la America litayimitsa thandizo lake mu Januwale 2025, zipatala zina m'misasa ya othawa kwawo ya m'malire a Thailand, kuphatikizapo waukulu wa Mae La, zinatsekedwa mwadzidzidzi. Nyengo yomweyo antchito a mabungwe ambiri kuno analandira makalata owauza kuti ayambe akhala kaye kunyumba. Kusiyana kwake n'kwakuti ofesala wathu uja anayamba kutumiza makalata ofunsira ntchito kwina, pomwe wazaumoyo wokhala mumsasa wa Mae La analibe kolowera, ndipo odwala ankamugogoderabe pakhomo.