Namondwe Akamabwera, Agogo Awanyamula Ndani?

M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza kwa masiku angapo m'chigawo chakumwera. Matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe, midzi inakokoloka ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu oposa 600,000 anasowa pokhala. Freddy asanabwere kunali Idai mu 2019, kenako Ana ndi Gombe mu 2022. Anamondwewa amayambira pa nyanja ya mchere ya India, makamaka pakati pa Novembala ndi Epulo, ndipo madzi saiwala khwawa.

Pa ngozi yotere, okalamba ndi amene amakhala pa chiopsezo chachikulu. Chenjezo la nthambi yoona zanyengo limafika msanga kwa amene ali ndi foni kapena wailesi, pamene agogo ambiri alibe, ndipo ena makutu anayamba kuvuta. Ngakhale amve, miyendo siingawalole kuthamanga usiku pamatope. Akanyowa, thupi lawo limazizidwa msanga, ndipo matenda otsekula m'mimba amawafooketsa m'maola ochepa.

N'chifukwa chake kukonzekera kumayamba ndi dzina la munthu. Wokalamba aliyense akhale ndi wachinyamata mmodzi kapena awiri odziwika, amene adzapite kukamutenga chenjezo likangoperekedwa. Mukati "wina awathandiza", palibe amene apite. Gwirizanani za malo okwera othawirako, monga sukulu kapena tchalitchi, ndipo yendani njirayo kukadali kouma kuti muone ngati pangafunike njinga kapena machira.

Konzeranitu kachikwama. Muikemo mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, buku la kuchipatala ndi chiphaso cha unzika, zonse zokulungidwa m'jumbo kuti zisanyowe. Onjezani bulangete, juzi, tochi, magalasi, Thanzi ORS ndi mankhwala othira m'madzi akumwa, poti kolera amakonda kubuka madzi akasefukira. Ndodo yawo ikhale pafupi ndi mphasa.

Chovuta kwambiri n'chakuti agogo ambiri amakana kuchoka. Amaopa kusiya mbuzi, chimanga ndi malo amene anaikapo abale awo. Musawakalipire. Kambiranani nawo mwaulemu mvula isanayambe, muwauze amene adzayang'anire ziweto, ndipo ngati n'kotheka mupite ndi mkulu wampingo kapena amfumu. Nthawi yosamuka ikakwana, samukani kukadali kowala.

Mpingo uli kale ndi manja ogwirira ntchitoyi. Amayi a Dorika amadziwa okalamba amene amagona okha, ndipo achinyamata ndi a Pathfinder ali ndi mphamvu zonyamula. Ophunzira amene mukupita ku tchuthi, pemphani mphindi zochepa pa Sabata kuti mulembe mayina awo, a mumpingo ndi akunja omwe. Lamulo lachisanu lolemekeza makolo limasungidwanso motere, ndipo nthawi yake ndi ino, mitambo isanade.