Kampani ya magetsi sitingasinthe, koma moto wa pakhomo ndausintha: masamu anga a makala, gasi ndi mayuniti

Mwezi wathawu ndinawadandaulira alamu anga amene amakhala ku Leeds, ku England, kuti ndalama ya moto pakhomo pano yafika posauzana. Thumba la makala, mayuniti, mabatire a tochi, zonsezi zikumadya malipiro mwezi usanafike pakati. Iwo anayankha pa WhatsApp mosavutika n'komwe: "Alamu, bwanji osangosintha kampani? Ife kuno ina ikakweza mtengo timapita kwina, pa foni pompo, waya ndi yemweyo." Ndinaseka mpaka mayi akunyumba anatuluka m'khitchini kudzafunsa kuti kwagwanji.

Alamuwo samanama ayi. Ku Britain makampani ngati British Gas ndi Octopus Energy amalimbirana makasitomala, ndipo bungwe la Ofgem limayang'anira kuti asamabere anthu. Kuno kwathu nkhani ndi ina. Amene amabweretsa magetsi a pa waya m'nyumba zathu kuno ku Nkhotakota ndi ESCOM basi. Mu 2017 boma linagawa ntchito, EGENCO n'kutenga yopanga magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, ESCOM n'kutsala ndi yowagawa ndi kugulitsa. Kenako kunabwera makampani ena opanga magetsi a dzuwa: JCM ku Salima ndi ma megawati 60 mu 2021, ndipo kwathu konkuno kuli malo a Serengeti Energy a ma megawati 21. Koma musaganize kuti poti mapanelo ali m'boma mwathu muno ndiye mungakokeko waya. Magetsi amenewo amagulitsidwa ku ESCOM, amalowa mu gridi, ndipo mtengo umene inu ndi ine timalipira amavomereza ndi a MERA. Wa ku Linga, wa ku Dwangwa ndi wa ku Area 47 ku Lilongwe, yuniti amagula mtengo umodzimodzi.

Ndiye kusintha kampani kulibe. Chimene chilipo ndi kusintha moto: ntchito iti ipite pa magetsi, iti pa gasi, iti itsale pa makala kapena nkhuni. Ndakhala ndikulemba m'kope kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndaona kuti ndigawane nanu zimene ndapeza. Mitengo sindilemba, chifukwa mtengo umene ndingalembe lero udzakhala bodza pofika Khirisimasi. Ndikupatsani njira yowerengera, mitengoyo muikemo nokha.

Ndiyambe ndi mayuniti, poti apa ndi pamene ndinkaluza osadziwa. Yuniti imodzi ndi moto umene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi. Pa mita za prepaid za m'nyumba wamba, mayuniti 50 oyambirira pa mwezi amakhala otsika mtengo, otsatirawo amakwera. N'chifukwa chake mukagula pa 2 mwezi mumalandira mayuniti ambiri, mukagulanso ndalama yomweyo pa 20 mumalandira ochepa n'kumati mita ikuba. Sikuti ikuba, mwangomaliza gawo lotsika mtengo lija. Ndipo kugula pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba sikubwezeretsa gawolo, limadikira mwezi wina.

Tsono taonani izi. Nyumba ya lendi imene timakhala tinaipeza ndi mababu akale aja otentha, a mawati 100. Babu limodzi likayaka maola asanu tsiku lililonse, pa mwezi ladya mayuniti 15. Anayi, mayuniti 60. Ndiye kuti mababu okha ankamaliza gawo lotsika mtengo lonse, filiji ndi ayironi n'kumayendera mtengo wapamwamba. Babu la LED la mawati 9 pa maola omwewo silifika n'komwe yuniti imodzi ndi theka pa mwezi, anayi sakwana mayuniti 6. Pa zonse zimene ndasintha, iyi ndiyo inabweza ndalama yake msanga, ndipo sinafune kukambirana ndi wina aliyense pakhomo.

Kuphika ndiye kunali nkhondo. Ife tinakulira pa makala ndi nkhuni, ndipo munthu ukamagula kajumbo ka makala tsiku ndi tsiku suona kuti ukuwononga zambiri. Gasi amaoneka wodula chifukwa umalipira pakamodzi. Koma kuyerekeza kilo ya gasi ndi kilo ya makala n'kulakwitsa, chifukwa chofunika ndi moto umene wafika pa poto. Kilo imodzi ya gasi imakhala ndi moto wofanana ndi mayuniti pafupifupi 13, ndipo pafupifupi theka lake limalowa mu poto. Kilo ya makala imakhala ndi mayuniti pafupifupi 8, koma pa mbaula yachitsulo yopanda dothi, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi kapena asanu ndi limene limaphika. Wotsalawo ukutenthetsa mphepo ya mwera, ukutha poyatsa, ukutha mutaphula kale ndiwo makala akuyakabe okha.

Mukawerengera bwino, kilo imodzi ya gasi imagwira ntchito ya makilo atatu kapena anayi a makala, komanso ya mayuniti pafupifupi 10 pa hotipuleti. Masamu ake ndi amenewo basi. Funsani mtengo wa kilo ya gasi lero, muuyerekeze ndi mtengo wa mayuniti 10 a gawo lokwera lija, ndi mtengo wa makilo anayi a makala. Vuto ndi loti makala sagulitsidwa pa sikelo. Ine ndinabwereka sikelo kwa amayi ena ogulitsa mpunga n'kuyeza kajumbo kamene tinkagula tsiku lililonse. Nditaona kulemera kwake, n'kuchotserapo fumbi ndi zikuni zosapsa za pansi, ndinakhala kaye chete. Wogula kajumbo amalipira kwambiri pa kilo kuposa wogula thumba lathunthu, ndiye kuti wosaukitsitsa ndi amene akugula moto wodula kuposa tonse.

Kwa ine, pamene magetsi alipo, hotipuleti ndi ketulo zinapambana. Ketulo makamaka: madzi a tiyi kapena osamba ana amawira mphindi zochepa, yuniti siikwana n'komwe theka. Koma mawu akuti "pamene alipo" ndi aakulu. Tonse tikukumbukira January 2022 pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya ma megawati pafupifupi 130, kuthimathima n'kukhala kwa tsiku ndi tsiku kwa chaka ndi miyezi. Munthu amene anadutsa m'nyengo imeneyo sangataye mbaula, ndipo sindikumuuza kuti ataye.

Gasi ndinagula silinda ya makilo 6 yokhala ndi chophikira pamwamba. Ubwino wake ndi woti ukayatsa wayaka, ukazimitsa wazima. Phala la ana m'mawa, kukazinga usipa, kufunditsa ndiwo za dzulo, zonsezi ndi za mphindi khumi, ndipo kuyatsira mbaula yathunthu zinthu zotere ndiko kunkatimalizira makala. Silinda yathu, poigwiritsa ntchito motere, imatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi.

Koma ndisakunamizeni, gasi ali ndi minga yake. Choyamba ndi ndalama yolowera: silinda yopanda kanthu, chophikira, kenako kudzazitsa. Ine ndinachita kudikira ya chipereganyu. Chachiwiri, gasi amachokera kunja, ndiye amayendera ndalama yakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinadumpha, ndipo a MERA amasintha mtengo wa gasi monga amachitira ndi petulo. Chachitatu ndi mtunda. Ku Lilongwe makampani ngati Afrox ali pafupi, kuno malo odzazitsira ndi ochepa, ndipo akakuuzani kuti watha mumayamba kusaka wopita ku Salima, makilomita oposa 100. Ndalama yotumizira silinda iwerengereni pa mtengo wa gasiyo, apo ayi masamu anu anama.

Chinanso, yezani. Pa silinda iliyonse pamalembedwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Mukaphatikiza nambala imeneyo ndi makilo amene mwalipira, ndiko kulemera koyenera. Tsiku lina ndinadzazitsa kwa munthu wina, sinditchula dzina, silinda n'kutha milungu itatu yokha. Ulendo wotsatira ndinapita ndi sikelo ya amayi a mpunga aja. Sindinayankhule zambiri, ndinangoipachika iye akuona. Kuyambira pamenepo imadzadza.

Apongozi anga atabwera kuchokera ku Mwansambo n'kuona silinda m'khitchini, anaima pakhomo n'kunena kuti, "Bambo, mwaika bomba m'nyumba muli ana?" Mantha amenewa ndi a anthu ambiri, ndipo sindiwaseka. Gasi amathiridwa fungo dala kuti akamatuluka mumve. Mukamva fungolo musayatse machesi, musakhudze switchi ya magetsi, tsekani silinda, tsegulani mawindo ndi zitseko. Pofuna kudziwa pamene pakutuluka, pakani madzi a sopo polumikizira, pakachita thovu ndi pamenepo. Silinda izikhala choimirira, kutali ndi mbaula. Ndinawakumbutsanso apongoziwo, mwaulemu, kuti mbaula imene amaikhulupirira imapha mwakachetechete. Mu June ndi July mwera ukamawomba, anthu amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mawindo, ndipo mpweya wa makala ulibe fungo loti likuchenjezeni. Anangoti "zoona", koma silindayo sanaikhudzebe.

Makala sanachoke pakhomo pano, angochepa. Kale thumba linkatha milungu iwiri, pano limapitirira mwezi. Nyemba ndi zimene zinkadya kwambiri, ndiye mayi akunyumba amaziviika usiku, m'mawa zimapsa msanga. Tinasinthanso mbaula, kusiya yachitsulo chokhachokha n'kugula yokhala ndi dothi mkati, imene imasunga kutentha. Kwa amene amaphikira nkhuni, chitetezo mbaula ija youmba ndi dothi imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo mtengo wake ndi woti ambiri angakwanitse. Kondowole yekha ndiye wakana gasi. Amafuna mphamvu povundula, ndipo poto pamwamba pa silinda amagwedera ngati bwato pa mafunde. Chambo chootcha nachonso musachiyese n'komwe.

Pali chifukwa china chimene ndikuonera kuti makala sadzatsikanso mtengo. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo kuotcha, kunyamula kapena kugulitsa makala popanda chilolezo ndi mlandu wa chilango chachikulu. Nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve yakhala m'manja mwa African Parks kuyambira 2015, inatchingidwa ndi waya, ndipo njovu pafupifupi 500 zinabweretsedwa mu 2016 ndi 2017 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Mitengo ya kunja kwa waya ikutha, otcha makala akupita kutali, ndipo nyengo ya mvula misewu ikaonongeka thumba limakwera pomwe makalawo ndi onyowa. Makala ololedwa alipo, monga a Kawandama Hills ku Viphya, koma si amene amatifikira pa njinga m'mawa. Mnyamata wa njingayo sindimuda, akusaka ya sopo ngati ine. Kungoti bajeti ya pakhomo singatsamire pa chinthu chimene chaka chilichonse chikuchokera kutali kuposa chaka chatha.

Za sola ndinene mwachidule, chifukwa ambiri kuno alibe n'komwe waya wa ESCOM. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 m'dziko muno zinkaunikira magetsi. Makampani ngati Yellow ndi Zuwa Energy amagulitsa sola yolipira pang'onopang'ono pa foni, ndipo mukasiya kulipira imadzitseka yokha mpaka mutalipira. Musanasaine, phatikizani ndalama zonse za miyezi yonse, muyerekeze ndi mtengo wa kashi, mufunsenso kuti batire ikafa ndani akonze. Sola yaing'onoyi ndi ya mababu, wailesi, foni, mwina TV. Nsima siphika. Koma pa kuunikira, asodzi athu anatitsogolera kale: pitani pa doko madzulo muone nyali zimene akupita nazo kokakopa usipa, za parafini zija zasowa, aliyense ndi mababu ndi batire. Palibe anawachititsa msonkhano, anangowerengera ya parafini wa usiku uliwonse.

M'kope mwanga, ndalama ya moto yatsika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, nditachotsera kale ya mayendedwe a silinda. Ya silindayo ndi mbaula yatsopano inabwerera mwezi wachisanu. Chimene ndikusungira pano ndi poto wamagetsi wotsekera nthunzi uja, pressure cooker, amene amapsetsa nyemba osamaliza yuniti imodzi. Mayi akunyumba akuti tiyambe tamuona kwa munthu wina akugwira ntchito, ndipo mphunzitsi mnzanga wa ku Dwangwa walonjeza kutibwereka wake Loweruka likubwerali. Apongozi ati iwo tsiku limenelo akakhala panja, pa mbaula, ndi kondowole wawo.