Jennifer Doudna: mayi amene anafunsa kuti RNA imapindika bwanji

Ambiri a inu munapangapo galimoto ya mawaya. Waya wowongoka sachita kanthu, koma mukaupinda bwino umasanduka mateyala, chiwongolero ndi bodi. Wayayo ndi yemweyo, chasintha ndi kapindidwe basi. Sungani chithunzi chimenechi m'mutu, chifukwa nkhani ya lero yagona pomwepo.

RNA ndi chiyani kodi?

M'kalasi ya bayoloji munamva kuti DNA imasunga malangizo a mmene thupi limangidwire. DNA ili ndi zingwe ziwiri zopotana, ndipo malangizowo analembedwa ndi zilembo zinayi: A, T, G ndi C. RNA ndi m'bale wake, koma nthawi zambiri imakhala chingwe chimodzi chokha, ndipo pamalo pa T imakhala ndi U. Kwa zaka zambiri asayansi ankaiona ngati mthenga chabe, wonyamula uthenga kuchoka ku DNA kupita kumene selo imapangira mapuloteni.

Maganizo amenewa anagwedezeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Thomas Cech, pofufuza kachilombo ka selo imodzi ka m'madzi kotchedwa Tetrahymena, anapeza RNA imene imadzidula yokha, n'kuchotsa chidutswa chapakati, n'kudzilumikizanso popanda puloteni iliyonse. Iye ndi Sidney Altman analandira mphoto ya Nobel mu 1989 chifukwa choonetsa kuti RNA nayo imagwira ntchito ngati enzyme. Funso linatsala linali lakuti: chingwe cha zilembo zinayi zokha chimatha bwanji kugwira ntchito ya lumo?

Mtsikana wa ku Hilo

Jennifer Doudna anabadwa mu 1964 ku Washington, D.C., koma anakulira m'tauni ya Hilo ku Hawaii, kumene bambo ake ankaphunzitsa pa yunivesite. Ali ku pulayimale, bambo akewo anamusiyira buku la James Watson lofotokoza mmene anatulukira maonekedwe a DNA. Atafika ku sekondale, mlangizi wina wa pasukulu anamuuza kuti sayansi si ya atsikana. Iye sanamvere. Anaphunzira biochemistry ku Pomona College, kumaliza mu 1985, kenako anatenga digiri ya PhD ku Harvard mu 1989 pansi pa Jack Szostak. Mu 1991 anapita ku labotale ya Cech ku Colorado ndi cholinga chimodzi: kuona ndi maso mmene RNA yodzidula ija inapindikira.

Apa ndiye fizikisi yalowa

Mwina mukuti, bwanji osangoika pa maikulosikopu? Vuto ndi kutalika kwa mafunde a kuwala. Kuwala kumene maso athu amaona kuli ndi mafunde otalika pakati pa nanomita 400 ndi 700, pamene maatomu olumikizana m'molekyulu amatalikirana mosafika ndi nanomita imodzi yomwe. Zili ngati kufuna kutola njere ya mapira mutavala magolovesi a nkhonya. Mafunde a X-ray ndi afupi kwambiri, pafupifupi nanomita 0.1, choncho amakwana bwino.

Koma X-ray sijambula molekyulu ngati mmene imajambulira fupa kuchipatala. Wasayansi amayamba wachititsa mamolekyulu ambirimbiri kufola mwadongosolo n'kukhala kambulu kolimba ngati ka mchere, kamene amati crystal. Akakawomba ndi X-ray, mafunde amamwazika. Pena amathandizana, pena amafafanizana, ndipo pamapeto pamatuluka timadontho. Kuchokera pa malo a timadontho ndi kuwala kwake, masamu amabwezeretsa pamene atomu iliyonse ili. Njirayi anaikhazikitsa William Henry Bragg ndi mwana wake Lawrence, amene analandira Nobel ya fizikisi mu 1915. Mukhoza kuona chinthu chofanana usiku uno. Yang'anani babu lakutali kudzera pa nsalu yopyapyala yolukidwa mothinana. Muona kuwala kutagawika ngati mtanda wa timadontho. Ulusi wa nsaluyo wachita zimene maatomu amachita ndi X-ray.

RNA ndi yovuta kuifoletsa chifukwa ndi yofewa, imapindika mosiyanasiyana. Doudna anavutika nayo zaka zingapo, mpaka anasamukira nayo ku Yale mu 1994. Mu 1996, iye ndi gulu lake, kuphatikizapo wophunzira wake Jamie Cate, anasindikiza mu magazini ya Science maonekedwe a chigawo cha RNA ya Tetrahymena cha zilembo 160, chotchedwa P4-P6. Inali nthawi yoyamba kuona RNA yaikulu chonchi atomu ndi atomu.

Anaona chiyani? Chingwe chija chimadzipinda, A n'kugwira U, G n'kugwira C, ndipo mbali ziwiri zopotana zimagona moyandikana ngati waya wopindidwa pakati. Koma kumbukirani zimene tinaphunzira pa magetsi: ma charge ofanana amakankhana. Msana wa RNA uli ndi charge ya negative ponseponse, ndiye mbali ziwirizo zimayenera kuthawana. Chimene chimazigwira ndi ma ion a magnesium, a charge ya positive, amene amakhala pakati. Lamulo lomwelo la m'buku lanu la fizikisi ndi limene likumanga makina a m'selo.

Kuchokera ku mabakiteriya kufika kuchipatala

Mu 2002 Doudna anasamukira ku University of California, Berkeley. Kumeneko wasayansi mnzake Jillian Banfield anamuuza za zigawo zachilendo mu DNA ya mabakiteriya zotchedwa CRISPR. Bakiteriya ikapulumuka pa vairasi imasunga kachidutswa ka DNA ya mdaniyo. Vairasiyo ikabweranso, bakiteriya imakopera kachidutswako kukhala RNA, ndipo RNA imatsogolera puloteni yodula kupita pa mdani.

Mu 2011 anakumana ndi Emmanuelle Charpentier wa ku France pa msonkhano ku Puerto Rico, ndipo anagwirizana zofufuza puloteni yotchedwa Cas9. Anapeza kuti imafuna ma RNA awiri kuti idule. Apa luso lodziwa kapindidwe ka RNA linathandiza, chifukwa gulu lawo linaona kuti awiriwo akhoza kulumikizidwa kukhala chingwe chimodzi. Mukasintha zilembo 20 za chingwecho, Cas9 imakadula DNA pamalo amene mwasankha inuyo. Zotsatirazi zinatuluka mu 2012, ndipo mu 2020 amayi awiriwa analandira Nobel ya kemisitiri.

Kumapeto kwa 2023, dziko la Britain kenako America anavomereza chithandizo choyamba chogwiritsa ntchito CRISPR, cha matenda a sickle cell. Madokotala amatenga maselo opanga magazi a wodwala, amawasintha kuti ayambirenso kupanga hemoglobin ya mtundu umene mwana amakhala nawo ali m'mimba, kenako amawabwezera m'thupi. Matendawa kwathu kuno si achilendo. Ana ambiri obadwa nawo padziko lonse amabadwira mu Africa muno, kummwera kwa chipululu cha Sahara. Koma mtengo wa chithandizochi ku America ndi madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi. Palinso nkhani ya malire. Mu 2018 wasayansi wa ku China, He Jiankui, analengeza kuti wasintha majini a ana amapasa asanabadwe. Asayansi ambiri, kuphatikizapo Doudna, anamudzudzula, ndipo khoti linamulamula kukhala m'ndende zaka zitatu.

Onani kuti mu 1991 Doudna sankasaka mankhwala. Ankangofuna kudziwa mmene chingwe chimodzi chimapindikira, ndipo yankho linafuna bayoloji, kemisitiri, fizikisi ndi masamu pamodzi. Ndiye inu amene mumati mudzakhala madokotala, mafunde ndi ma charge musamawathawe. Yesani za nsalu ndi babu zija, ndipo mudzifunse: ulusi ukathinana kwambiri, timadontho tiyandikana kapena titalikirana?