Maria wa ku Magadala pa Kanema: Kodi Timamuona Monga Mthenga Wabwino Ukunenera?

Nyengo ya Lenti ikafika, m'maparishi ndi m'nthambi zambiri akhristu amasonkhana madzulo kuti aonere kanema wa moyo ndi masautso a Ambuye Yesu. Ambiri mwa ife tidazolowera nkhope za anthu a m'Baibulo kudzera m'makanema amenewa, ndipo zimene maso aona sizichoka msanga m'mutu. N'chifukwa chake tiyenera kudzifunsa ngati akazi amene timawaona m'menemo ali omwewo amene Malembo Oyera amatiuza. Tiyeni titenge chitsanzo cha Maria wa ku Magadala.

M'zaka zoyamba za kanema ku Hollywood, mkazi kawirikawiri ankaonetsedwa m'njira ziwiri zokha: namwali wofatsa wodikira kupulumutsidwa, kapena wonyengerera amuna kuti agwe. Maria wa ku Magadala adamuika m'gulu lachiwirili. M'kanema wa The King of Kings, amene Cecil B. DeMille adatulutsa mu 1927, Maria akuoneka ngati mkazi wadama wolemera, wokwera galeta lokokedwa ndi mbidzi, amene akupita kukalanda Yudasi, bwenzi lake, m'manja mwa Yesu. Patapita zaka 50, mu 1977, Franco Zeffirelli m'kanema wa Jesus of Nazareth adamuonetsanso ngati mkazi woyendayenda amene adalapa. Mu 2004, Mel Gibson m'kanema wa The Passion of the Christ adamusandutsa mkazi uja amene adagwidwa akuchita chigololo.

Komatu Mthenga Wabwino sunena zimenezi. Luka Woyera, mutu 8, akutiuza kuti Ambuye adatulutsa mizimu yoipa isanu ndi iwiri mwa Maria, ndipo kuti iye pamodzi ndi Yoana, Suzana ndi akazi ena ankathandiza Yesu ndi ophunzira ake ndi chuma chawo. Mkazi wochimwa wa pa Luka 7 dzina lake silidatchulidwe, chimodzimodzinso mkazi wa pa Yohane 8. Chisokonezo chidakula chifukwa cha ulaliki wa Papa Gregori Wamkulu wa m'chaka cha 591, pamene adaphatikiza Maria wa ku Magadala, Maria wa ku Betaniya ndi mkazi wochimwa uja ngati munthu mmodzi. Mipingo ya Kum'mawa sidatsatire ganizo limeneli. Choncho tivomere modzichepetsa kuti opanga makanema adatola chithunzichi kwa ife eni ake.

Kusintha kudayambanso mu Mpingo momwemo. Mu 1969, pokonzanso kalendala ya Liturjiya, Mpingo udasiyanitsa akazi atatuwa, ndipo pa 22 Julaye tidayamba kuwerenga Yohane 20, pamene Maria akukumana ndi Ambuye atauka kwa akufa natumidwa kukauza Apostoli. Mu 1988, Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake yonena za ulemerero wa amayi yotchedwa Mulieris Dignitatem, adakumbutsa dzina lake lakale loti Mpostoli wa Apostoli. Mu 2016, Papa Fransisko adakweza tsiku lake kuchoka pa chikumbutso kukhala chaka, mofanana ndi masiku a Apostoli.

Makanema adachedwa kutsatira, ndipo ena adasokera mbali ina. The Da Vinci Code wa mu 2006 adamuonetsa ngati mkazi wa Yesu, nkhani yopanda umboni uliwonse m'Malembo kapena m'mbiri. Apa tikuona kuti matenda ndi omwewo: kaya amutche wadama, kaya amutche mkazi wa wina, amakana kumuona ngati wophunzira mwa iye yekha. Kanema wa Mary Magdalene wa mu 2018 ndiye adayesa njira ina, pomuonetsa ngati mtsikana wa m'mudzi wa asodzi amene adasiya kwawo kukatsata Ambuye. Muli zambiri zopeka m'menemo, koma mbiri ya dama idachotsedwa.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Ngati mkazi woyera amene adaima patsinde pa mtanda adasenza mbiri yosakhala yake kwa zaka zoposa 1,300, tiganizire za amayi a m'miphakati mwathu amene timawatcha mayina chifukwa cha mphekesera chabe: amayi amasiye, atsikana amene adabereka asanakwatiwe, ndi amayi amene mabanja awo adatha. Ena adaleka kubwera ku tchalitchi chifukwa cha malilime athu.

Tikupempha makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati kuti musanaonetse kanema, muyambe mwawerenga ndi anthu Luka 8 ndi Yohane 20. Kanema akatha, afunseni kuti ndi ziti zimene zili m'Malembo, ndi ziti zimene wopanga kanema adaonjezera. Makamaka ana a katekisimu aphunzire kuti amene Ambuye adayamba kumutuma kukalengeza za kuuka kwawo adali mkazi, ndipo adachita kumuitana ndi dzina lake.